Kwaya za ku Chikwa: musanagule besi ya nsambo zisanu, werengerani bwino

THONJE likagulitsidwa ndipo mpunga ukalowa m'matumba, makomiti a m'machalichi a ku Chikwa ndi madera ena a m'boma la Chama amakhala pansi kukambirana za cogula ndi zopereka za masika. Masiku ano pa zofunika kugula sipalephera kukhala zoimbira: kiyibodi, masipika ndi gitala ya besi. Anyamata a kwaya akafunsidwa, ambiri amati afuna besi ya nsambo zisanu, monga imene amaona m'manja mwa oimba ochuka pa TV ndi pa foni.

Ife sitikutsutsa ai. Besi ya nsambo zisanu ndi cida cabwino. Koma ndalama zogulira zimacokera m'thukuta la alimi, ena mwa iwo anagona m'munda kupirikitsa njobvu kuti apeze kathumba kopereka ku chalichi. Nsambo yacisanuyo siimveka yokha: imafuna nsambo zoyenera, ampulifaya yoikwanitsa ndiponso magetsi abwino. Walira mvula walira matope. Komiti imene ithera ndalama zonse pa gitala cabe, idzagula nsambo imene mpingo sudzaimva.

Nsambo yacisanu ndi ya ciani?

Besi ya magetsi inafala kuyambira mu 1951 pamene Leo Fender wa ku America anatulutsa Precision Bass. Inali ndi nsambo zinai, zokungidwa pa E, A, D ndi G. M'zaka za m'ma 1970 oimba ena a ku America komweko, monga Anthony Jackson ndi Jimmy Johnson, anapangitsa magitala okhala ndi nsambo ina yonenepa yokungidwa pa B, pansi pa E. Pofika mu 1987, pamene kampani ya Music Man inatulutsa StingRay 5, besi yotere inali italowa m'masitolo.

Cimene nsambo ya B iwonjezera ndi manoti asanu cabe a pansi: E flat, D, D flat, C ndi B. Phindu lake lilipo ndithu. Kwaya ikamaimba nyimbo mu D, mu C kapena mu E flat, woliza besi ya nsambo zinai amakakamizika kukwera kumwamba, pamene wa nsambo zisanu amatsika ndi kukhazika nyimbo pa maziko olimba. Dzanja lakenso siliyendayenda kwambiri pa khosi la gitala.

Komabe tisaiwale kuti kucuruka kwa nsambo si luso. A Madalitso Band a ku Lilongwe abvinitsa anthu mpaka ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha wa nsambo imodzi. Ngati thumba la mpingo ndi locepa, besi yabwino ya nsambo zinai pamodzi ndi ampulifaya yamphamvu iposa besi ya nsambo zisanu yolumikizidwa ku kasipika ka wailesi.

Kusankha nsambo

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550, kucokera ku Chipata kufika ku Lundazi ndi pafupifupi 180, ndipo kuti munthu atsike m'cigwa ca Luangwa kufika ku Chikwa ulendo ukalipo. Mvula ikagwa mitsinje imadzaza, miseu nkuduka. Amene wagula nsambo zolakwika sangabwerere mawa kukasintha. Conco wotumidwa kutauni apite ndi pepala lolembedwa zinthu zinai.

Coyamba ndi kunenepa kwa nsambo. Pa paketi pamalembedwa manambala asanu, monga 45, 65, 85, 105 ndi 130. Nambala yaikuluyo ndiyo nsambo ya B, ndipo yabwino imakhala pakati pa 125 ndi 135. Ikacepa kuposa apa imakhala yolobodoka, imagunda pa tizitsulo ta pakhosi ndi kumveka ngati lata. Cenjerani: alipo mapaketi ena a nsambo zisanu amene alibe B, koma ali ndi kansambo kakang'ono ka C kokwera pamwamba pa G. Mukaona kuti nambala yaikulu ithera pa 100 kapena 105, dziwani kuti paketiyo si yanu.

Caciwiri ndi kutalika. Mabesi ambiri ndi a mainchi 34, ndiko kuti masentimita 86, kuyeza kucokera pa kafupa ka kumutu mpaka pamene nsambo zikhala kumimba kwa gitala. Koma mabesi ena a nsambo zisanu ndi a mainchi 35, ndipo pa ena nsambo zimalowera kumbuyo kuboola thupi la gitala. Otere amafuna paketi yolembedwa extra long kapena super long. Yezani gitala yanu ndi tepi ya telala musananyamuke, kapena tengani nsambo yakale kuti mukayerekeze m'sitolo.

Cacitatu ndi mapotedwe ake. Nsambo ya besi ndi waya wapakati wokulungidwa ndi waya wina. Zochedwa roundwound ndi zokhakhala pang'ono pa cala ndipo ziri ndi mau akuthwa. Zinachuka m'zaka za m'ma 1960 kupyolera mwa kampani ya Rotosound ya ku England ndi John Entwistle wa gulu la The Who. Izi ndizo zopezeka kwambiri, zochipirapo, ndipo ndizo zoyenera woliza amene amamenya nsambo ndi cala cacikuru. Bvuto lake ndi lakuti fumbi ndi thukuta zimalowa m'mipata ya wayayo, mau nkufa. Zochedwa flatwound ndi zosalala, mau ake ndi ofatsa ngati a ng'oma yaikuru, ndipo zimatha zaka osasintha. James Jamerson, amene analiza besi m'nyimbo zambiri za Motown, anali kugwiritsa nchito zotere ndipo sanali kusinthasintha. Zimadula pogula, koma ku kwaya ya kumudzi yoimba nyimbo za Misa ndi za mapemphero, yomwe sitha kugula nsambo kawirikawiri, ife tiona kuti flatwound ndi zopulumutsa ndalama.

Cacinai ndi mtundu wa citsulo. Za nickel ndi zofewa pa zala ndipo mau ake ndi apakati. Za stainless steel sizicita dzimbiri msanga, koma zimadya tizitsulo ta pakhosi mofulumirapo. Ziriponso zokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, monga za Elixir, zimene zimakana thukuta koma mtengo wake ndi wokwera. Amene adziwa kutentha kwa mu October m'cigwa muno adziwanso kuti thukuta liri ndi mcere, ndipo mcere ndi mdani wa citsulo.

M'misika muli nsambo zabodza zobvala maina a makampani odziwika monga D'Addario ndi Ernie Ball. Paketi ikachipa modabwitsa, kaikirani. Safunsa anadya phula: funsani, tsegulani paketi pamaso pa wogulitsa, werengani nsambo ngati zakwana zisanu, ndipo tengani lisiti kuti mukaonetse komiti.

Ampulifaya ndi sipika

Apa ndi pamene makomiti ambiri amapunthwa. Nsambo ya E imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, pamene ya B imanjenjemera ka 31 cabe, pafupi ndi pamene khutu la munthu limalekezera kumva, pa 20. Kuti mau apansi conco amveke, sipika iyenera kukankha mpweya wambiri. Ampulifaya yaing'ono ya mawati 15 kapena 25 ndi yophunzirira m'nyumba. M'chalichi ya anthu ambiri, momwe mulinso ng'oma ndi kiyibodi, pafunika ampulifaya yopangidwira besi, ya mawati 100 kapena kuposa, yokhala ndi sipika ya mainchi 12 kapena 15. Kulowetsa besi mu ampulifaya ya gitala wamba kapena m'timasipika ta maikolofoni, ndi kukweza mau, ndiko kung'amba sipika.

Ngati ampulifaya ndi sipika mugula padera, yang'anani nambala ya ohms kumbuyo. Ampulifaya ikalembedwa 4 ohms, musaike masipika otsika kuposa apo. Masipika awiri a 8 ohms akalumikizidwa pamodzi mwa nthawi zonse amapanga 4, ndipo zimenezo ziri bwino. Awiri a 4 ohms amapanga 2, ndipo ampulifaya ingapse.

Mukafika nazo ku chalichi, musapotokolere batani la bass mpaka kumapeto. M'nyumba ya njerwa ndi malata mau apansi amazungulira ndi kuphimba mau a kwaya. Tsitsani bass pang'ono, kwezani mid. Anthu abwera kudzamva mau a nyimbo, osati kunjenjemera kwa malata.

Nkhani ya magetsi

Machalichi ambiri a kumidzi amadalira sola, batire ndi inveta, kapena kajenereta. Inveta yochipa, yolembedwa modified sine wave, imalowetsa kulira kwa "zzz" m'masipika ndipo imatenthetsa zida zina. Funani yolembedwa pure sine wave. Jenereta yopanda coletsa magetsi kukwera ndi kutsika ingaononge ampulifaya tsiku limodzi.

Werengerani motere: batire ya 12V 100Ah imasunga mphamvu yokwanira mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupyola theka, conco muli ndi 600. Ngati zida zonse pamodzi zikudya mawati 150, muli ndi maola osakwana anai, cifukwa inveta nayo imadyako. Pa Misa ya Lamulungu zikwana, koma pa mapemphero a usiku wonse sizikwana. Batire ya galimoto sinapangidwire nchito yotere, imafa msanga. Gulani ya sola yeniyeni.

Pali batire inanso imene ambiri saidziwa. Mabesi ambiri a nsambo zisanu ndi a mtundu wochedwa active, okhala ndi kabatire ka 9V kumbuyo. Cingwe cikasiyidwa colowetsedwa m'gitala, kabatireko kamadyeka ngakhale palibe woliza. Kakatha, gitala imakhosomola kapena kukhala cete, ndipo anthu amayamba kunamizirana kuti wina waiononga. Mabatire otere sapezeka m'kantini iriyonse. Kwa ife akutali ndi tauni, besi ya mtundu wa passive, yosafuna batire, kapena yokhala ndi batani losinthira ku passive, ndiyo yosabvutitsa.

Kusamala cimene mwagula

Nsambo zisanu zikakungidwa zimakoka khosi la gitala ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 90, ngati thumba lakale lija la cimanga. Khosilo ndi mtengo: cilimwe limauma, dzinja limamwa cinyezi, ndipo limapindika pang'ono. M'kati mwake muli kacitsulo kolionga, kochedwa truss rod. Kapotoleni pang'onopang'ono, osapyola gawo limodzi mwa magawo anai a kuzungulira pa nthawi imodzi, ndipo kakalimba musakakamize. Wosadziwa asakhudze. Gitala isasiyidwe padzuwa, pansi pa denga lodontha kapena pansi pomwe pafika ciswe. Cikwama cake cigulidwe tsiku lomwelo.

Woliza asambe m'manja asanagwire, ndipo akamaliza apukute nsambo iriyonse ndi kansalu kouma, pamwamba ndi pansi. Nsambo za roundwound zikafa mau, kuziviika mu methylated spirit usiku umodzi kumacotsa litsiro. Ena amaziwiritsa m'madzi, koma zikapanda kuumitsidwa bwino zimacita dzimbiri. Posintha, cotsani imodzi imodzi, ndipo zakale musataye, zidzathandiza ina ikaduka pakati pa dzinja. Cokungira comanika kumutu kwa gitala, kapena ca m'foni, cikhale cotha kumva B, cifukwa zina zochipa zimalephera.

Mau kwa a komiti

Pogawa ndalama yambani ndi magetsi, ndiye ampulifaya, ndiye gitala, ndipo musiyeko za paketi yaciwiri ya nsambo, zingwe ziwiri zolimba ndi lamba wotambalala wa paphewa, cifukwa besi ya nsambo zisanu ndi yolemera. Wopita kukagula atengane ndi woliza, ndipo m'sitolo alize nsambo ya B kucokera pansi mpaka pamwamba, pa ampulifaya yomwe mufuna kugulayo. Zikafika, zilembedwe m'buku la katundu wa mpingo, pasankhidwe wosunga mmodzi, ndipo aphunzitsidwe oliza awiri kapena atatu, atsikana omwe, kuti mmodzi akapita kukafuna nchito ku Chipata gitala isakhale pakona.

Ndalama zikapanda kukwana caka cino, palibe manyazi kudikira zokolola za caka camawa. Ng'oma ndi visekese zakhala zikunyamula kwaya zathu kuyambira kale, ndipo zingapirire dzinja limodzi lina.