Ukabwereka nyimbo, gogoda kwa eni ake

Makasitomala akakuzolowera ndi katundu wina, kusintha kumafuna kulimba mtima. Funsani wamalonda aliyense mumsikamu. Zimenezi zandibwerera m'mutu sabata yathayi nditamveranso chimbale cha Eurythmics chotchedwa Be Yourself Tonight, chomwe chidatuluka mu 1985.

Eurythmics adali anthu awiri basi: Annie Lennox wa ku Aberdeen, Scotland, ndi Dave Stewart wa ku Sunderland, England. Adatchuka mu 1983 ndi Sweet Dreams, nyimbo yolizidwa ndi makina a synthesizer, yozizira ngati madzi a m'firiji. Idafika pa nambala 1 ku America. Akadakhala ena akadangopitiriza zomwezo nkumawerenga ndalama.

Koma iwowa ayi. Patangotha zaka ziwiri adabweza makinawo kumbuyo, kutsogolo nkuikako malipenga, magitala ndi ng'oma. Amalondola soul, mayimbidwe a anthu akuda a ku America omwe mizu yake ili m'matchalitchi mwawo.

Tsono nkhani yagona apa. Oyimba achizungu ambiri adalemera ndi mayimbidwe a anthu akuda, eni ake osaonapo kanthu. Awiriwa adayamba agogoda pakhomo. Mu nyimbo ya There Must Be an Angel, amene akuliza harmonica ndi Stevie Wonder mwini wake. Mu Sisters Are Doin' It for Themselves, Annie akuyimba limodzi ndi Aretha Franklin, mfumukazi ya soul ya ku Detroit, ndipo nyimboyo idalowanso m'chimbale cha Aretha cha chaka chomwecho. Aliyense adapezapo pake.

Kodi makasitomala adathawa? Ayi ndithu. Nyimbo yomwe muli Stevie Wonder ija ndi yokhayo ya Eurythmics yomwe idafika pa nambala 1 ku Britain. Sweet Dreams kumeneko idathera pa 2.

Sindikunena kuti chimbale chonsechi nchokoma. Pena malipenga achita kunyanya, ndipo Aretha akangotsegula pakamwa mumva nokha kuti mwini munda ndani. Koma inetu ndi pamenepo pomwe ndimamupatsira ulemu Annie. Wakuba saima pafupi ndi mwini katundu.

Masiku ano mnyamata wa kompyuta amatola mayimbidwe a dziko lililonse usiku umodzi, m'mawa nkumati ndi luso lake. Ine ndikuti bwerekani, abale, palibe woyimba adayamba yekha. Koma tchulani komwe mwatenga, ndipo zikatheka muitaneni mwiniyo adye nanu.