Wailesi ya agogo ingalankhulenso, koma mmisiri asafulumire kuzula transistor

M'nyumba zina za ku Bolero, Mhuju ndi Hewe m'boma la Rumphi mukusungidwabe mawailesi amene anasiya kulankhula kalekale. Ena anabwera ndi abambo omwe ankagwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe ndi ku Joni, monga a Supersonic opangidwa ku Bulawayo. Ena ndi a Nzeru, omwe ankalumikizidwa mumzinda wa Blantyre. Mabanja sawataya chifukwa ndi chikumbutso cha malemu. Koma adzukulu akapita nawo kwa wokonza mafoni ndi mawailesi a makono, kawirikawiri chinthucho chimabwerako chitawonongeka koposa kale.

Gwero la vutoli ndi kachipangizo ka miyendo itatu kapena inayi kotchedwa transistor, komwe kamakuza mawu. Transistor yoyamba, ya mu 1947 ku America, inapangidwa ndi germanium, ndipo mawailesi ambiri a mabatire a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 ali ndi za mtundu umenewu. Pambuyo pake mafakitale anasamukira ku silicon, yomwe imapirira kutentha. Amisiri a lero anaphunzirira pa silicon, choncho germanium ndi mlendo kwa iwo.

Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Pa zopangidwa ku Ulaya, nambala yoyamba ndi A, monga AC128 kapena AF117, ndi ya germanium, pomwe yoyamba ndi B, monga BC557, ndi ya silicon. OC71 ndi OC81 nazonso ndi germanium, chimodzimodzi 2SB54 ndi 2SB56 za ku Japan.

Msampha woyamba uli pa mita yoyezera. Silicon imayamba kugwira ntchito magetsi akafika pafupifupi 0.6 volt, pomwe germanium imakhutira ndi 0.2 kapena 0.3. Mmisiri wozolowera silicon akaona 0.2 pa mita amagamula kuti transistor yapsa, n'kuizula ili yamoyo. Germanium imadonthanso magetsi pang'ono ngakhale ili bwinobwino, ndipo kudonthako kumakula kukatentha. Wailesi yomwe imayimba bwino m'mawa wozizira wa ku Livingstonia ingathe kusasa mawu masana a mwezi wa October ku Chiweta, m'mbali mwa nyanja.

Nthawi zambiri wolakwa sakhala transistor n'komwe. Ma capacitor amene anauma ndi ukalamba, dzimbiri losiyidwa ndi mabatire ochucha, ndi fumbi la m'chokwezera mawu ndizo zimatseka pakamwa mawailesi ochuluka. Kuyamba ndi zimenezi n'kotsika mtengo.

Pali banja lina lomwe mbiri yake njoipadi: AF114 mpaka AF117. M'kati mwa chitini chake mumamera tiubweya ta chitsulo tomwe timakhudza mbali zosayenera kukhudzana, wailesi n'kungoti zii. Amisiri ena amadula mwendo wachinayi, wolumikiza chitinicho, ndipo wailesi imadzuka. Koma tiubweyato timapitiriza kumera. Mankhwala okhalitsa ndi kuikapo ina ya germanium yopanda nthendayi, monga AF127.

Apa m'pamene pagona nkhani kwa wokhala ku Rumphi, chifukwa zipangizo zoterezi n'zosowa ngakhale m'masitolo a ku Mzuzu. Nkhokwe yapafupi ndi wailesi inzake yakufa. Ikasowa, silicon ingalowe m'malo, koma osangoisomeka. Germanium zambiri ndi za mtundu wa PNP, pomwe za silicon zofala kwambiri ndi NPN. Kuika NPN pamalo a PNP kuli ngati kutembenuza batire. Ngakhale itapezeka ya PNP, imafuna magetsi ochulukirapo kuti iyambe ntchito, choncho resistor yodyetsa mwendo wa base iyenera kusinthidwa. Popanda kutero, wailesi imakhala chete kapena imalankhula mokukuta, makamaka mabatire akayamba kutha. Ma transistor awiri oyendetsa sipika amagwira ntchito mothandizana, ndiye amasinthidwa onse pamodzi.

Powotcherera, mwendo ugwidwe ndi pulayala kuti kutentha kusafike m'kati, pakuti germanium siichedwa kufa ndi moto.

Banja lidziwiretu chinthu chimodzi lisanalipire. Ambiri mwa mawailesi akalewa ali ndi MW ndi SW basi, pomwe nyumba zoulutsira mawu zambiri m'dziko muno zili pa FM. Wailesi yomwe agogo ankamverapo Chitumbuka pa MBC chisanachotsedwe mu 1968 ingadzuke ili yathanzi, koma osagwira Zodiak kapena Voice of Livingstonia. Chomwe ingapereke ndi mawu a nyumba zakunja, makamaka usiku, waya wa eriyo atakwezedwa pamtengo.