Kuwawa kwa M'mimba ndi Msana kwa Amayi Olera ndi Njira ya Pamkono

Njira yolera ya pamkono, yomwe ambiri ku Blantyre amangoitchula kuti noplanti, ndi timapulasitiki tofewa totalika ngati kamtengo ka machesi timene amatiika pansi pa khungu. Jadelle ndi tiwiri ndipo timateteza kwa zaka 5. Implanon ndi kamodzi, ka zaka 3. Timapulasitikiti timatulutsa pang'onopang'ono mankhwala oletsa dzira kukhwima.

Amayi ena amamva kupweteka m'munsi mwa mimba kapena msana, makamaka miyezi yoyambirira pamene msambo wasokonekera. Nthawi zina kathumba ka dzira kamatupa ndi madzi, kenako kamaphwa kokha. Ululu wotere umachepa ndi panado kapena bulufeni. Mphekesera zakuti kachipangizoka kamatsikira m'chiberekero n'zabodza.

Choopsa n'kuloza chala noplanti pa ululu uliwonse. Msana wopweteka limodzi ndi kutentha thupi komanso kuwotcha pokodza ungasonyeze matenda a chikhodzodzo kapena impso. Chikazi chonunkha ndi ululu pogonana zimaloza ku matenda opatsirana monga chinzonono, amene njirayi siiteteza. Kutenga pakati uli ndi noplanti n'kosowa, koma zikachitika mimba ingakhazikike m'chubu chodutsamo dzira: ululu waukulu mbali imodzi, chizungulire ndi kukomoka zimafuna kuthamangira ku chipatala cha Gulupu nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Zipatala zazing'ono za Ndirande, Limbe, Bangwe ndi Zingwangwa, komanso Banja La Mtsogolo, zimapereka uphungu wa zakulera. Mayi ali ndi ufulu wochotsetsa noplanti nthawi isanakwane, ndipo mphamvu yobereka imabwerera msanga.