Chofunda cha Nyumba Chisakhale Nkhuni

Nyumba nayo imafunda monga munthu. Makoma ndi denga ndizo zimatchinga dzuŵa la Okutobala ndi chisanu cha Juni. Koma kodi chofunda chimenechi chikakumana ndi moto, chimauletsa kapena chimaudyetsa?

Kuno kwa Kabudula ndi ku Nsaru ambiri a ife tigona m'nyumba za zidina kapena za mdindo zofolera ndi udzu. Makolo athu sanalakwe posankha dothi. Dothi siligwira moto, ndipo khoma lochindikala limamwa kutentha usana ndi kukubweza pang'onopang'ono usiku. Taonani nyumba imene yapsa: makoma atsala chiimire, koma denga lonse lasanduka phulusa. Choopsa chili pamwamba. Udzu uziziritsa nyumba koposa malata, komabe kuyambira Ogasiti umakhala wouma gwa, ndipo mphepo ndi moto wa anyamata osaka mbeŵa sizichedwa kuufikira.

Masiku ano tawonjezapo china: pepala la pulasitiki loyala kunsi kwa udzu kuti denga lisadonthe. Mvula liletsadi, koma likayaka limasungunuka ndi kudonthera pa ana ogona, utsi wake nkutsamwitsa munthu asanapeze chitseko.

Ngakhale maiko olemera anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mumzinda wa London, pa 14 Juni 2017, inapsa nyumba yosanja yotchedwa Grenfell Tower, nafa anthu 72. Kunja kwake anali atakutako zinthu zosunga kutentha ndi malata a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki m'kati. Moto unayambira m'khitchini ya banja limodzi, nukwera ndi chokutiracho mpaka pamwamba. Chimene amisiri amakhulupirira pa ntchito yotere ndi ubweya wopangidwa ndi miyala yosungunula, pakuti mwala suyaka.

Ife ubweyawo sitingaupeze, koma dothi tili nalo pakhomo. Khoma la mitengo limatidwe kunja ndi m'kati, osasiya mtengo poonekera. Amene afolera ndi malata namva kutentha, aike denga lam'kati, koma adziŵe kuti la mphasa kapena la makatoni ndi nkhuninso. Khitchini, nkhokwe ndi chigafa cha fodya zitalikirane ndi nyumba yogona, ndipo udzu wozungulira ulambulidwe chilimwe chisanafike. Mwaye wa m'denga la khitchini nawonso uzichotsedwa.

Galimoto yozimitsa moto ili kutali, mumzinda wa Lilongwe. Denga la udzu limatha m'mphindi zoŵerengeka.