Chaja yochipa ingabweretse maliro panyumba

Masiku ano m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, nyumba zimene mulibe foni ndi zowerengeka. Foni, dikoda, nyale yochaja ndi laputopu, zonsezi zimabwera ndi kabokosi kolowetsa ku soketi kamene ambiri amati chaja kapena adaputa. Kabokosi kameneka kakasowa kapena kupsa, anthu amathamangira ku kantemba kukagula kena kochipa, osadziwa kuti kangathe kupha munthu kapena kutentha nyumba.

Nchito ya adaputa

Magetsi a ZESCO amafika m'nyumba ndi mphamvu ya 230 volts. Foni imafuna 5 volts cabe, madikoda ambiri amafuna 12, ndipo malaputopu ambiri amafuna 19. Nchito ya adaputa ndi kucepetsa mphamvuyo. M'kati mwake muli mbali ziwiri, ya magetsi amphamvu ndi ya magetsi ocepa, ndipo pakati pake payenera kukhala mpata wokwanira ndi zochingira zolimba. Opanga machaja acinyengo amacepetsa mpatawo ndi kusiya zochingira kuti asaononge ndalama zambiri. Tsono cinyezi cikalowa kapena chaja ikatentha, magetsi onse a ku soketi amadumphira ku nthambo n'kufika m'manja mwa wogwira foni.

Izi zinacitikapo. Mu 2014, mai wina ku New South Wales m'dziko la Australia anafa atagwidwa ndi magetsi odzera mu chaja yosabvomerezeka. Mu 2016, a kabungwe ka Trading Standards ku Britain analengeza kuti pa machaja 400 abodza olembedwa dzina la Apple amene anapimidwa, atatu okha ndiwo anali ndi zochingira zokwanira.

Zimene magetsi amacita m'thupi

Magetsi akalowa m'dzanja amaumitsa minofu, kotero kuti munthu amalephera kutaya cimene wagwira. Akadutsa pacifuwa amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo munthu angafe m'mphindi zocepa. Khungu lonyowa ndi madzi kapena thukuta limalowetsa magetsi mosabvuta, makamaka munthu akaima pa simenti wopanda nsapato.

Cilonda ca magetsi cimanyenga. Kunja cimaoneka cacing'ono, koma m'kati minofu imakhala itapsa. Mkodzo wakuda pambuyo pa ngozi yotere ndi cizindikiro cakuti impso zili pa ngozi. Mwana wokwawa akaluma nthambo ya ku soketi amapsa milomo, ndipo bala limeneli lingatulutse magazi ambiri patapita sabata imodzi kapena awiri, nkhanambo ikacoka.

Zimene lamulo likunena

Lamulo la Compulsory Standards Act la mu 2017 linakhazikitsa kabungwe ka Zambia Compulsory Standards Agency, ZCSA mwacidule, kamene kamayendera katundu pa malire a dziko ndi m'masitolo, kuphatikizapo zamagetsi monga mapulagi ndi nthambo. Kabungwe ka ZABS ndiko kamalemba miyezo. Komabe oyendera sangafike pa kantemba kalikonse, motero wogula ayenera kutsegula maso.

Pogula

Chaja yabwino imakhala ndi dzina la kampani yoipanga, nambala yake, ndi manambala a mphamvu yolowa ndi yotuluka. Pa mau akuti Input payenera kulembedwa 100-240V kapena 230V. Ma volts a pa Output ayenera kufanana ndi amene cipangizo cimafuna, pomwe ma amps angakhale ofanana kapena oposerapo, koma osacepera. Cizindikiro ca kabokosi kali m'kati mwa kabokosi kanzake cimatanthauza kuti zochingira zilipo ziwiri. Zilembo za CE ndi lonjezo la wopanga mwini kuti watsata malamulo a ku Ulaya, ndipo akathyali amazisindikizanso, motero pazokha si umboni wokwanira. Chaja yopepuka kwambiri, ya mano ogwedera, ya mau olembedwa molakwika kapena ya mtengo wotsika modabwitsa ndi yokayikitsa. Wogula afunse lisiti.

Panyumba

Kucokera pa cilala ca 2024 cimene cinacepetsa madzi ku Kariba, mabanja ambiri anazolowera kusiya zinthu pa soketi usiku kuyembekezera malaiti. Cizolowezi cimeneci n'coopsa, cifukwa malaiti pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola, anthu ali m'tulo. Foni isachajidwe pa matilesi, pansi pa pilo kapena pafupi ndi neti ya udzudzu. Munthu asagwire foni imene ili pa chaja ndi manja onyowa. Mapulagi a mano awiri asakakamizidwe ku soketi ya mabowo atatu ndi kamtengo, koma agulidwe adaputa yoyenera yokhala ndi fyuzi. Chaja yong'aluka, yonunkha kupsa, yolira kapena yomangidwa ndi pulasitiki iyenera kutayidwa.

Cithandizo coyamba

Wothandiza asagwire munthu amene akali pa magetsi. Coyamba azimitse pa main switch. Zikakanika, aime pouma ndi kukankha nthambo ndi mtengo wouma. Ngati wobvulalayo sakupuma, amugoneke cagada ndi kudinikiza pakati pa cifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka pamene ena akufuna galimoto. Pamene papsa pathiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, kenaka paphimbidwe ndi nsalu yoyera. Mankhwala otsukira mano, mazira ndi saladi zisapakidwe pa bala. Amene anakomoka, amene akumva kupweteka pacifuwa, mwana, ndi mai wapakati ayenera kupita ku cipatala ngakhale akuoneka bwino. Moto wa magetsi usathiridwe madzi. Magetsi azimitsidwe, kenaka pathiridwe mcenga wouma.

Amene wagulitsidwa chaja yoopsa akanene ku ZCSA kapena ku Competition and Consumer Protection Commission, atatenga chajayo ndi lisiti lake. Dandaulo la munthu mmodzi lingacotse katundu woipa pamsika asanabvulaze mwana wa mnansi wake.