Kusankha Muyeso Woyenera: Phunziro la Kafukufuku wa ku Likoma

M'zaka za 2005 ndi 2006, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Pennsylvania, Stéphane Helleringer ndi Hans-Peter Kohler, anachita kafukufuku m'midzi isanu ndi iwiri ya pachilumba cha Likoma. Anafunsa anthu oposa 900, a zaka 18 mpaka 35, za anthu amene anagonana nawo m'zaka zitatu zam'mbuyomo. Poopa kuti ena angachite manyazi, munthu ankamvera mafunso pa mahedifoni n'kumayankha yekha pa kompyuta. Ambiri anayezetsanso magazi. Zotsatira zinatuluka mu 2007 m'magazini yotchedwa AIDS: pafupifupi theka la ofunsidwa amene ankagonana anali olumikizana m'gulu limodzi lalikulu, uyu kudzera mwa uyo, uyonso kudzera mwa wina.

Manambala oterewa akasonkhanitsidwa, wofufuza amayamba wadzifunsa kuti ndi amtundu wanji. Ngati anthu angowerengedwa m'magulu, monga amuna ndi akazi, amene ali ndi HIV ndi amene alibe, muyeso woyenera ndi chi-square, umene Karl Pearson anakonza mu 1900. Gulu lina likachepa kwambiri, mwachitsanzo anthu oyembekezeka m'menemo osakwana asanu, amatenga Fisher's exact test. Ngati chinthucho n'choyezedwa, monga zaka kapena kulemera kwa thupi, ndipo tikuyerekeza magulu awiri, timagwiritsa ntchito t-test ya William Gosset, amene anaifalitsa mu 1908 akugwira ntchito ku kampani ya mowa ya Guinness ku Dublin. Koma chiwerengero cha zibwenzi sichiyenda bwino ndi t-test pamene ofunsidwa ali ochepa, chifukwa ambiri amatchula mmodzi kapena awiri, pomwe owerengeka amatchula ochuluka n'kukokera avereji m'mwamba. Pamenepo muyeso wa Mann-Whitney, umene umangondandalika anthu kuyambira wochepa mpaka wochuluka, umathandiza.

Miyeso yonseyi ili ndi lamulo limodzi limene ophunzira ambiri amaiwala: imatenga munthu aliyense ngati woima payekha, wosakhudzidwa ndi mnzake. Ku Likoma lamuloli siligwira. Mwamuna ndi mkazi wake onse angakhale m'kafukufuku, ndipo mmodzi akakhala ndi kachilombo, mpata woti winayo akhalenso nako umakula. Msodzi amadziwa kuti usipa wa m'chilimira chimodzi, ngakhale udzaze bwato, suuza munthu za nyanja yonse, pakuti wachokera pamalo amodzi. Wofufuza akawerenga anthu olumikizana ngati osadziwana, umboni wake umaoneka wamphamvu kuposa mmene ulili. Njira yake ndi kuuza kompyuta kuti anthuwa ali m'magulu, kaya a mabanja kapena a midzi, kuti iwerengere poganizira zimenezo.

Muyeso uliwonse umatulutsa nambala yotchedwa p-value. Ronald Fisher, m'buku lake la 1925, ndiye anazoloweretsa anthu malire a 0.05. Nambalayi imayankha funso limodzi lokha: magulu awiriwa akanakhala osasiyana n'komwe, kodi kusiyana kwakukulu ngati kumeneku kukanaoneka kangati mwamwayi chabe? Siinena kuti kusiyanako n'kwakukulu, siinenanso chimene chakuyambitsa. N'chifukwa chake lipoti labwino limatchula kukula kwa kusiyanako pamodzi ndi confidence interval, yomwe imasonyeza malire amene yankho lenileni lingapezekemo.

Kafukufuku wa ku Likoma anapezanso chinthu chodabwitsa: kachilombo kanali kochuluka pakati pa anthu a m'mphepete, olumikizana ndi ochepa, kusiyana ndi a pakatikati pa gulu lalikulu lija. Wowerenga mopupuluma angati zibwenzi zambiri sizoopsa. Komatu m'mphepetemo munali anthu okulirapo ndiponso akazi amasiye ambiri. Mafunso ankakhudza zaka zitatu zokha, pomwe munthu akhoza kukhala atatenga kachilomboko kale kwambiri. Apa m'pamene wofufuza amagwiritsa ntchito regression, kuti ayerekeze anthu a msinkhu wofanana.

Zotsatira za kafukufuku zimathera m'manja mwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi mafumu, ndipo iwo amakonza ntchito yawo pokhulupirira zimene talemba. Choncho muyeso tiusankhe tisanaone zotsatira, tilembe chifukwa chimene tausankhira, ndipo tinene zokhazo zimene manambala athu angathe kuikira umboni.