Guendolen, Sitima Imene Inasenzetsa Makolo Athu Katundu wa Nkhondo

Ife a ku Mughese, kuno ku mapiri a Misuku, nyanja timangoyimva patali. Komatu pali sitima ina ya pa nyanja ya Malawi imene mbiri yake inafika mpaka kwathu kuno. Dzina lake ndi Guendolen.

Sitimayi inali ya boma la atsamunda. Inabwera kuchokera ku Britain ili zidutswazidutswa, ndipo anailumikiza ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi. Inayamba kuyenda m'chaka cha 1899. Masiku a mtendere inkanyamula katundu ndi anthu, koma inalinso ndi mzinga.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, Ajeremani, amene ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania, anali ndi sitima yawo pa nyanja yomweyi, Hermann von Wissmann. Aliyense ankadziwa kuti wolamulira nyanja ndiye adzathe kutumiza asilikali ndi chakudya kumpoto, popeza misewu yamtunda inali yovuta. Pakati pa mwezi wa Ogasiti, Kaputeni Rhoades anaipeza sitimayo ili pamtunda ku Sphinxhaven, masiku ano Liuli, ndipo anaiombera. Kaputeni Berndt wa Ajeremani, yemwe anali mnzake wa Rhoades, anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Anagwidwa, nyanja n'kukhala m'manja mwa Angerezi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Guendolen, pamodzi ndi sitima zina monga Chauncy Maples ya mishoni, inayamba kutula asilikali a King's African Rifles, zipolopolo ndi chakudya pa Karonga. Koma sitima siikwera phiri. Kuchokera pa doko, katunduyo ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga kudzera mumsewu wa Stevenson kulowera ku Fort Hill, yomwe ndi Chitipa wa lero. Mu 1916, pamene Jenerali Northey analowa m'dziko la Ajeremani, ntchitoyi inakula kwambiri. Amuna ambiri ankatengedwa mokakamiza, ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi matenda.

Mzinga wa Guendolen ulipobe ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi, ndipo alendo amajambulitsa pomwepo. Mayina a akaputeni awiri aja analembedwa m'mabuku, koma a amtengatenga ambiri sanalembedwe. Tikapita kumudzi patchuthi, tiyeni tifunse agogo athu amene anasenza katunduyo m'banja mwathu, tilembe mayina awo asanaiwalike.